Tsitsi la Noboru

Hilo, Hawaii
9 Febuluwale 1968

Okondedwa Achimwene Tokuji,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Mineko, komanso Bambo. Kuno tilipo, kungoti mvula ya kuno sidziwa kukata. Ku Kumanoko ndikudziwa kuti chisanu chakwiya, zala zikukanika n'kugwira chipeso komwe.

Noboru wakwanitsa chaka. Akuyenda chogwirira mipando. Lamlungu lapitali tinamumeta koyamba, ndipo tsitsi lake ndi limene lili mu envulopu yaing'onoyo. Musaitsegulire pamphepo.

Ndalembera inu chifukwa ndikudziwa kuti kalata yanga Bambo sangaitsegule. Chichokereni kudzakwatiwa ndi Keoni sanandilembereko ngakhale liwu limodzi, ndipo ndimamva kuti dzina langa silitchulidwa pakhomopo. Zimenezo ndinazolowera. Koma mwanayu sanalakwire munthu. Aliyense wobadwa m'banja la Kajiyama ali ndi burashi yolembera yopangidwa ndi tsitsi lake loyamba, yopachikidwa pakhoma pambali pa guwa la makolo: ya agogo, ya Bambo, yanu, yanga. Ndikupempha kuti Bambo apange ya Noboru ndi manja awo, inu mukhome msomali wina, ipachikidwe pomwepo. Sindikupempha munda kapena nyumba. Msomali umodzi basi. Tsitsi losalawa lumo munthu amakhala nalo kamodzi kokha pa moyo wake, ndiye dziwani kuti ndakutumizirani chinthu chimene sindingachipezenso.

China n'chakuti amayi achikulire a ku kachisi kuno andigwira kuti ndiziwaphunzitsa kujambula ndi inki. Maburashi a m'masitolo a kuno ndi matsache enieni. Munditumizireko ma choryu angapo, aja a ubweya wautali omwa inki yambiri, oti munthu amalize tsamba la nsungwi osanyamula dzanja. Muikemonso menso ya likongwe ya mizere yopyapyala, ndi hake yotambalala yonyowetsera pepala.

Mundiuze za chifuwa cha Bambo. Mundiuze zonse, ngakhale za galu wa aneba.

Mlongo wanu,
Sawako

*

Hilo
2 Epulo 1968

Achimwene,

Moni, ngati moni wanga ukadalandiridwa kumeneko.

Wamtengatenga wa makalata wafika pondimvera chisoni. Akangondiona ndaima pageti amapukusa mutu ali kutali. Kodi ku Kumano mapepala atha? Tauni yonse yopanga zolembera, koma mlongo wanga wasowa cholembera mizere iwiri?

Ngati Bambo akana, nenani kuti akana. Sindine mwana, ndinakanidwapo kale ndipo sindinafe. Koma mundibwezere tsitsi la mwana wanga. Keoni amandifunsa madzulo aliwonse akabwera ku minda ya nzimbe, ine ndatopa ndi kumunamiza kuti kwathu ntchito yabwino imatenga nthawi. Mayi ake ayamba kundiyang'ana ndi diso loti ife tinkadziwa kale.

Yankhani. Ngakhale kunditukwana, bola muyankhe.

Sawako

*

Kumano
21 Epulo 1968

Sawako,

Moni. Tilipo. Makalata ako onse awiri ndalandira, ndipo yachiwiriyo ndikanakonda ikanagwera m'nyanja.

Ukufuna kudziwa chimene ndinakhalira chete. Ndi manyazi. Iwe unakulira pansi pa benchi imene Bambo amapangirapo maburashi, unayamba kusesa ubweya usanayambe sukulu, koma watumiza tsitsi la mwana ngati zinyalala za kwa ometa. Ngakhale mayi wogulitsa nsomba m'tauni muno amadziwa kuti tsitsi loyamba umayamba walimanga ndi ulusi, kenako n'kudula, kuti nsonga zikhale mbali imodzi, matsinde mbali ina. Koma kumeneko wina wangodula ngati akudula nzimbe, inu n'kuwola pansi n'kukhuthulira mu envulopu. Lafika litasakanikirana, nsonga uku, tsinde uku. Waiwala kuti tsitsi limodzi lozondoka limang'amba mzere pakati? Kuwonjezera apo ndi lopotanapotana. Tsitsi lotere silisongoka. Ukanafunsa kaye usanamete, koma iwe ndiwe ndadziwa kale amene anamanga nyumba yopanda khomo.

Envulopuyo ndinawapatsa Bambo pa chakudya cham'mawa. Anaitsegula, anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, “Wameta ndani?” Nditawauza, anangoilowetsa m'mkono wa malaya awo n'kupitiriza kumwa msuzi. Chiyambire tsikulo sanaitchulenso. Kaya anataya, kaya anasunga, ine sindifunsa. Ndine amene ndimadya nawo mbale imodzi tsiku lililonse, iwe uli kutali ukudya mapapaya.

Maburashi a amayi a ku kachisi akowo ndatumiza pa sitima ya pamadzi. Uwauze kuti choryu yatsopano saiviika m'madzi otentha, ndipo menso si yokolopera. Ndaikamonso sanba imodzi imene sunaitanitse, ya ubweya wa gwape, yokhakhala ija yojambulira miyala. Imeneyo ndi yako. Siimva dzanja, imangokanda.

Chifuwa cha Bambo chilipobe. Galu wa aneba anafa chaka chatha.

Tokuji

*

Hilo
6 Meyi 1968

Achimwene Tokuji,

Ndakumvani. Moni kwa alamu, amene sindidziwa kuti amapirira bwanji.

Za ulusizo ndalakwa, ndipo mukanatha kunena m'mizere iwiri. Mwana ankalira, ankapalapata, Keoni akuopa kumucheka khutu. Inu amene mulibe mwana muli ndi nzeru zambiri za kametedwe ka ana.

Koma tisanamizane. Vuto lanu si ulusi. Vuto lanu lili pa mawu aja akuti lopotanapotana, ndipo ndinamva mmene cholembera chanu chinakondwera powalemba. Inde, ndi lopotana. Ndi la bambo ake, munthu wakuda khungu wodula nzimbe, amene pa zaka zonsezi sanandikwezereko mawu, zimene sindinganene za mwamuna aliyense wa pakhomo pathu. Ine ndinaonapo Bambo akuwongola ubweya wa mbuzi wopindika ngati mbedza, ndi phulusa la mankhusu a mpunga ndi chitsulo chofunda. Mchira wa hatchi mumauwongola. Ubweya wa gwape mumauwongola. Nyama iliyonse ya m'tchire ili ndi malo pa benchi yanu, koma mwana wa mlongo wanu ndiye sasongoka.

Ndiye mukuti simufunsa. Munthu wamkulu, wazaka makumi anayi, kuopa kufunsa bambo wake kuti envulopu ili kuti! Ngati anataya m'ngalande, mundiuze tsiku lake, kuti ndidziwe tsiku limene ndinakhala wamasiye.

Sanba yanuyo ikafika ndizitsukira mapoto.

Sawako

*

Kumano
3 Juni 1968

Sawako,

Moni. Za kusowa mwana kwanga wanenazo ndazisunga. Mineko anawerenga kalatayo ine ndisanabwere, analira, ndiye ukondwe.

Envulopu yako yapezeka, ndipo ndikanakonda ikanakhala m'ngalande momwemo. Kwa masabata angapo Bambo akhala akudzitsekera m'kachipinda ka kum'mawa dzuwa likangotuluka, ati akupumitsa msana. Lachiwiri ndinalowa osagogoda. Ndinawapeza atayala nsalu yoyera, nkhope ili pafupi kugunda tebulo, akutola tsitsi la mwana wako limodzilimodzi, kulipotokola pakati pa zala kuti amve kumene kuli nsonga, n'kuligoneka pambali. Limodzilimodzi, Sawako. Munthu amene adokotala anamuuza mwezi wa Januwale kuti ng'ala yaphimba diso lamanja ndipo lamanzere alisunge. Pamasana maso amakhala ali psuu, misozi ikungochucha, mbale ya mpunga akuifufuza ndi dzanja.

Pali mkulu wina wojambula wa ku Kyoto amene kwa zaka makumi atatu sagwira choryu ya munthu wina koma ya Bambo. Anaitanitsa zake chisanu chisanathe. Ubweya wake uli pa shelefu mpaka lero, sunapesedwe n'komwe. Sabata yatha walemba mwaulemu kuti wapeza mmisiri wina ku Nara. Nditawauza Bambo, osadzutsa n'komwe mutu, anangoti, “Mbuzi zimabadwa chaka chilichonse.”

Ndinawakalipira, ine amene sindinawayankhepo chibadwire. Ndinati tsitsi labwino limene lingatsale pamenepo silikwana ndi theka la burashi, ndipo ndi lofewa moti silingaime lokha. Ndinati andipatse ine ndilikutire ndi ubweya wa mbuzi, monga amachitira a m'mafakitale, tsiku limodzi ntchito yatha, ku Hawaii ndani angadziwe. Ananditulutsa ngati galu.

Ndiye usadzandiuzenso za anthu okukana. Iwe unathawa benchi, unandisiyira nkhalamba ndi ntchito, lero ukutumiza envulopu yodzamaliza maso amene atsala. Akachita khungu udzabwere udzawatsogolere ku chimbudzi.

Tokuji

*

Kumano
30 Juni 1968

Alamu anga a Sawako,

Ndikupatsani moni ndi manja awiri. Mukhululuke kalembedwe kanga, ndikulembera pa thabwa lodulira ndiwo. Achimwene anu sakudziwa kuti ndikulemba. Alumbira kuti dzina lanu salilembanso pa envulopu.

Burashi ya Noboru yatha. Dzulo Bambo anandituma kukaiponya pa sitima. Anaikulunga okha m'kabokosi, sanalole aliyense kuiona, ngakhale achimwene anu, pakuti awiriwo sakulankhulana chiyambire mkangano uja. Ndinawafunsa ngati aikamo kalata. Anati kalata ya chiyani, mwana wa m'nyumba muno akudziwa chochita. Ine sindinafunsenso, mukuwadziwa.

Bambo aonda. Mvula ya mwezi uno yawakwiyitsira chifuwa. Anachitanso zachilendo: kuyambira mwezi wa Epulo anakana kupita kwa ometa, tsitsi linafika m'khosi mbuu, ana a mumsewu n'kumawaseka. Kenako tsiku lina anandiitana kuti ndiwamete mpala, ndipo anakana kuti ndisese. Ukalamba uli ndi zake.

Ndili ndi kankhani kena, koma ndikuopa kukatchula mokweza, pakuti kawiri konse kanandithawa. Ndili ndi pakati. Akuti Disembala. Mawu anu aja ndinawaiwala, munali ndi mkwiyo.

Noboru akudya bwino? Mutitumizireko chithunzi.

Mlamu wanu,
Mineko

*

Hilo
12 Ogasiti 1968

Kwa Bambo, ndi kwa mwana wawo wokondedwa Tokuji,

Sindikufunsa za moyo wanu. Kalatayi ili m'phukusi limodzi ndi katundu wanu, amene ndikukubwezerani.

Bokosi linafika dzana. Ndinasamba m'manja, ndinaitana Keoni ndi mayi ake, ndinakhazika Noboru pamwendo, n'kutsegula ngati munthu wopusa. Pakati ndinaona katsitsi kakuda, kochepa ngati ndevu za mphaka. Kuzungulira konseko mbuu. Apongozi anga, amene sadziwa kanthu za maburashi, anafunsa kuti kodi mwanayu anabadwa ndi imvi. Ndinasowa pobisa nkhope.

Achimwene, munalemba nokha kuti mulikutire ndi ubweya wa mbuzi, ku Hawaii ndani angadziwe. Ine ndadziwa. Ndipo si mbuzi yabwino n'komwe. Ndi ubweya wokhakhala, wopanda nsonga, wotolera pansi, umene Bambo sakanalola ngakhale pa hake ya ana asukulu. Ine ndinaiwala ulusi, koma sindinaiwale maonekedwe a chinyengo.

Ndipo inu Bambo, ngati munalola, ndiye munatero ndi cholinga. Nsungwi yake ilibe dzina. Burashi iliyonse ya pakhoma paja ili ndi dzina lozokotedwa, iyi ndi yosalala ngati ya pamsika. Ndinapempha msomali, inu mwaiponya pa sitima kuti ichoke pakhomo panu, monga munachitira ndi ine, mayi wa mwanayu. Popanda ndi liwu limodzi lomwe. Ndamva. Mwanena kuti mdzukulu wanu ndi theka munthu, theka mbuzi.

Chikondwerero cha maburashi chikubwera mwezi wamawa. Pamene anthu akuponya maburashi otha ntchito pamoto wa ku kachisi, muponyepo burashi ya mwana amene wachititsa manyazi nyumba yanu. Mukaombe m'manja, mukamwe mowa. Ine bambo ndilibe, ndipo Noboru agogo ake ndi a kuno okha.

Musandilemberenso.

Sawako

*

Telegalamu
Kumano, 17 Ogasiti 1968

BAMBO ATISIYA DZULO. TOKUJI.

*

Kumano
21 Ogasiti 1968

Alamu anga,

Pepani, pepani ndithu. Telegalamu ija inali youma, achimwene anu sakutha kulankhula zambiri masiku ano. Mwambo wonse watha bwino. Anthu anabwera ambiri, ngakhale mkulu wa ku Kyoto uja anatumiza maluwa.

Bambo anapita tsiku lotsiriza la Obon, pamene timaperekeza mizimu. Sanavutike kwambiri. Kungoti m'mawa uliwonse ankafunsa ngati wa makalata wadutsa. Ankati sitima yachedwa, burashi ikanayenera kukhala itabwerako.

Ndipamene ndinamva zimene sindinkazidziwa, poti ine ndine wobwera. Akuti pakhomo pano burashi ya mwana siipachikidwa isanalawe inki. Mayi amagwira dzanja la mwanayo, n'kujambula naye mzere umodzi. Ikatero ndipo amazokota dzina n'kuipachika. Achimwene anu akuti iwo anaona pochita yanu, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinati nanga alamu akanaonera kuti, poti ndiwo otsiriza kubadwa? Bambo anati, “Aa. Nanga palibe anamuuza?” Ndinafuna kukulemberani pomwepo, koma usiku womwewo matenda anakula.

Kutatsala masiku ochepa anaitana achimwene anu n'kuwauza za tsitsi loyera la pa burashiyo. Mwina mwaliona kale. Akuti la Noboru linatsala lochepa ndi lofewa, linkangogona. Mbuzi anaikana, ati mwana wa Kajiyama sangatsamire mbuzi. Ndiye analikutira ndi tsitsi lawo lija, limene ndinawameta ine osadziwa kanthu. Achimwene anu anati zimenezo sizinachitikepo, tsitsi la nkhalamba lilibe nsonga. Bambo anati, “Lolawa lumo sililemba, koma limachirikiza. Alembe ndi mwanayo, ine ndingomugwira m'chiuno.”

Achimwene anu anatuluka panja, anakakhala ku nkhuni mpaka mdima.

Msomali anakhomeratu Bambo okha, pambali pa wanu. Ndi wokhota pang'ono poti sankaona bwino. Mukamaliza za mzerezo muitumize, alamu, isachedwe. Bokosi lafika kodi?

Mineko

*

Hilo
29 Ogasiti 1968

Achimwene, achimwene anga,

Kalata ya alamu yafika lero. Ndawerenga ndili chiimire pageti.

Pali phukusi likubwera pa sitima. Ndathamangira ku positi, akuti linanyamuka kale, palibe angalibweze. Muli burashi ndi kalata. Ndikukugwadirani, kalatayo musaitsegule. Muiponye m'mbaula momwe ilili. Ndinailemba Bambo ali moyo, ndisakudziwa kanthu. Burashiyo musaichite chilichonse chimene kalatayo ikunena.

Mukanandiuza za mzerewo. Munkadziwa, munaona ndi maso anu, mukanalemba mawu awiri okha. Koma ayi, sindikukangana nanu lero. Ndilibe mphamvu.

Mundiyankhe pa ndege. Chonde.

Sawako

*

Hilo
16 Sepitembala 1968

Achimwene,

Moni. Kwatsala sabata imodzi kuti moto uyatsidwe ku kachisi, ndipo simunayankhe. Ndikudziwa kuti kalata yanga munalandira. Sindikudya. Noboru akandikoka chovala ndimalephera kumuyang'ana kumutu.

Kukhala chete kumeneku munatengera Bambo, ndipo mwaona kumene kwatifikitsa. Nditukwaneni ine. Burashiyo ilibe mlandu.

Sawako

*

Kumano
25 Sepitembala 1968

Sawako,

Tilipo, amene tatsala.

Phukusi lako linafika Lachisanu. Unati ndisatsegule kalata. Pa envulopu panalembedwa dzina la Bambo, ndipo ine sindinabisirepo Bambo kalata yawo. Ndinayatsa lubani, ndinagwada pa guwa, n'kuwawerengera mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Za ubweya wotolera pansi ndinawawerengera. Za theka mbuzi ndinawawerengera. Pa mawu akuti bambo ndilibe, Mineko anandigwira mkono kuti ndisiye, koma ndinamaliza. Unalemba zoona, kungoti unafulumira ndi masiku ochepa.

Ukuti ndikanakuuza za mzere. Ndikanakuuza, inde. Iwenso ukanafunsa. Unagwira tsitsi la bambo ako m'manja, tsitsi limene unkalikoka uli pamsana pawo, n'kulitcha mbuzi yoipa. Safunsa anadya phula, Sawako. Ndipo pepani wako wa pa ndegeyo sapoletsa chilonda.

Lolemba kunali chikondwerero. Ndinapita. Ndinaima pamzere pamodzi ndi ana asukulu ndi aphunzitsi awo, aliyense atanyamula maburashi ake otha nsonga. Unalamula kuti ndiponye pamoto burashi ya mwana amene wachititsa manyazi nyumba ino. Ndinaganiza usiku wonse kuti mwana ameneyo ndani. Noboru sanalembe kalata. Ndiye m'mawa ndinapita pakhoma, ndinachotsa yako, ija Bambo anaipanga utangometedwa koyamba, ya nsungwi ya mawanga. Imeneyo ndiyo ndinaponya. Sinachedwe kupsa. Ndinaomba m'manja monga unanenera, mowa wokha ndinalephera.

Ya Noboru ndazokota dzina ndi dzanja langa, Kajiyama Noboru, ndipo ili pa msomali wokhota uja. Ndaphwanya mwambo, yapachikidwa isanalawe inki. Sindiikwezanso sitima, yayenda mokwanira. Mwanayo akadzakula adzabwere yekha adzajambule mzere wake. Bambo ake abwere naye, ndidzawalandira. Pambali pake pali msomali wopanda kanthu. Sindinauzule, pakuti ndikufuna ndiziuona.

Ukafuna kundida, undide. Ifenso tili ndi chinthu chimene sitingachipezenso.

Tokuji

*

Hilo
20 Okutobala 1968

Achimwene Tokuji,

Moni kwa inu ndi kwa alamu. Ndikhulupirira kuti miyendo yawo siikutupa kwambiri.

Ndinakulemberani makalata atatu ndi kuwang'amba. Yoyamba ikanakupsetsani m'manja. Munalibe ufulu. M'burashi ija munali dzanja la malemu Amayi, ndiwo anandigwira pojambula mzere wanga, ndipo munadziwa bwino lomwe poiponya. Ndinu munthu wankhanza, Achimwene, ndipo mumachita nkhanza mwaluso, monga mumapangira china chilichonse. Zimenezo sindidzakukhululukirani msanga.

Koma usiku umene ndinawerenga kuti dzina lake lazokotedwa, ndinagona tulo koyamba chimwalirireni Bambo. Ndinapempha msomali umodzi, ndipo ulipo. Keoni ndinamuwerengera mawu oti mudzamulandira. Anapita kuseri kwa nyumba, ati kukaona nkhuku.

Mu envulopu yaing'onoyo muli tsitsi langa. Ndinayamba ndamanga ndi ulusi, kenako n'kudula. Mbali ya ulusi wofiira ndiyo ya matsinde. Linalawa lumo kambirimbiri, silingalembe. Ndikukumbuka kuti ana a m'banja la alamu amabadwa ndi katsitsi kochepa ngati ka pichesi. Wanuyo akadzakwana chaka, tsitsi lake likadzakana kuima lokha, musadzafune mbuzi. Mukakana, moto mukuudziwa kumene uli.

Sanba ija sindinatsukire mapoto. Amayi a ku kachisi akuilimbirana, akuti miyala yake imaoneka yeniyeni.

Mlongo wanu,
Sawako

*

Kumano
19 Disembala 1968

Sawako,

Moni. Mineko wachira Lamlungu m'mawa. Mwana wamkazi. Onse ali bwino. Amalira ngati munthu wina amene ndikumudziwa.

Kumutu kuli mbee, ngati dzira.

Envulopu yako ndinalandira. Wamanga bwino, ngakhale mfundo yake ndi ya munthu wophunzira. Koma tsitsilo ladzaza mafuta a kokonati, landidyera phulusa lambiri kuti liyere. Ndalisunga m'kabati ya Bambo, mmene timasunga ubweya wa likongwe.

Usaganize kuti nkhani ija yatha. Msomali wako ukadali wopanda kanthu, ndipo ndimauonabe m'mawa uliwonse. Chaka chamawa ndidzapachikapo ya mwanayu. Udzakhala m'menemo, pakhoma pomwe paja, koma m'chiuno. Nsonga si yako.

Tumiza chithunzi cha Noboru. Mineko anapempha kalekale.

Tokuji